Malalanje 786 a Apongozi Anga

Kwathu ku Mitande mwamuna ndiye amasamuka. Akakukonda amabwera kudzamanga kanyumba kuseri kwa amayi ako, n'kumalima munda wa chinangwa umene amalume ako amulozera. Ine nkhondo inanditembenuzira zimenezi. Midzi ya kwathu itayamba kutenthedwa, makolo anga anawolokera ku Malawi ndi ana aang'ono, ndipo ine, amene ndinali nditangokwatiwa kumene ndi mnyamata wa ntchito ya njanji, ndinamutsatira kwawo ku Cuamba. Ndinalowa m'nyumba ya malata ya kuseri kwa siteshoni ndili ndi nsalu zitatu, kachitini ka mafuta odzola, ndi mtima wosafuna kuuzidwa zochita. Nsalu ndi mafuta zinatha msanga, koma mtima uja ndili nawobe.

Apongozi anga aakazi anali a ku Lúrio, mayi woseka ndi thupi lonse, ndipo tinagwirizana sabata yoyamba yomwe. Vuto linali apongozi aamuna. Iwo anachokera kutali ku Angónia ali mnyamata, anayendetsa sitima mpaka kumera imvi, koma mwambo wa kwawo anabwera nawo wonse osasiyako ndi kachidutswa komwe. Kwa iwo, munthu salankhula maso ndi maso ndi mkazi wa mwana wake. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira m'udzu n'kugwada cha m'mbali. Akafuna madzi osamba ine ndili pomwepo, ankauza akazi awo kuti, "Auzeni apongozi kuti madzi aja akhoza kupita kubafa," ndipo amayi ankatembenuka n'kundiuza zomwe ndamva kale ndi makutu anga. Kwathunso tinkalemekeza akuluakulu, koma osati mpaka kufuna womasulira anthu tikulankhula chinenero chimodzi. Zinkandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ndinkakhulupirira kuti bambowo sandifuna pakhomo pawo.

Masiku amenewo sitima inkatha masabata, nthawi zina miyezi, osaoneka. Njanji inkazulidwa m'tchire, ikakonzedwa uku yazulidwa uko. Komabe anthu a njanji ankadzuka m'mawa, kuvala yunifolomu, kupita kusiteshoni kukakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira. Apongozi aamuna anali atachotsedwa pa mpando woyendetsa. Bwana wina ananena kuti manja awo ayamba kuchedwa, n'kuwapatsa ntchito yoyang'anira gulu lokonza njanji. Pakhomo sanadandaulepo ngakhale kamodzi, koma chipewa chawo choyendetsera sitima ankachipukutabe fumbi Loweruka lililonse.

Kabokosi kamene kanadzatisokoneza tonse kanabwera ndi mlamu wanga, mkulu wake wa mwamuna wanga, amene anali atapita kukagwira ntchito ku Jeremani. Anafika atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, anakhala milungu iwiri akudandaula za fumbi, n'kupita ku Nampula, kabokosiko anasiyira bambo ake. Kanali kaphanthiphanthi, kotalika ngati chikhatho, ndi kagalasi pakati ndi mabatani anayi, awiri kumanzere awiri kumanja. Pakagalasipo panali kamunthu kakuda konyamula dengu pansi pa mtengo wa nthambi zinayi. Malalanje ankagubuduka m'nthambizo akulira kuti ti, ti, ti, ndipo iwe unkayenera kudina batani la nthambi imene lalanje layandikira kugwa, kuti kamunthuko katembenukire komweko n'kuwakha. Ukawakha kankalira mokweza kuti pi, nambala n'kukwera ndi imodzi. Ukagwetsa malalanje atatu, zatha, uyambirenso. Poyamba ankabwera mwaulesi, limodzilimodzi, koma nambala ikamakwera ankathamanga ngati pali wina akugwedeza mtengowo.

Amuna a pansi pa mtengo wa mango aja anapeza ntchito. Posakhalitsa anasiya kutchula manambala, n'kuyamba kutchula masiteshoni a njanji yathu yopita kunyanja yamchere. Ukafika 100 wafika ku Lúrio, 200 ndi Mutuáli, 300 Malema, kenako Iapala, Ribáuè, Namina, 700 ndiye Nampula, ndiyeno Namialo ndi Monapo, ndipo 999, pomwe manambala amathera, ndi Nacala. Munthu akagwetsa lalanje lachitatu ankati komboyo yake, ndiye kuti sitima, yagwa. Mwamuna wanga, amene zala zake zinali ngati chinangwa, sanadutsepo Mutuáli ngakhale tsiku limodzi. Ambiri ankagwera cha ku Malema. Koma apongozi anga, amene anauzidwa kuti manja awo achedwa, anakhala nako miyezi itatu masana aliwonse pakhonde, milomo atayifinya, mpaka tsiku lina anafika 786. Anadutsa Nampula, Namialo atatsala pang'ono kuyiona. Kabokosiko kankasunga nambala imodzi yokha, yaikulu kuposa zonse, ndipo ukadina batani n'kuligwiritsa inkaonekera pamwamba. Tsiku limenelo anayenda nako msika wonse ngati anthu a kumsika akudziwa tanthauzo lake.

Timabatire take tinali tiwiri, tating'ono ngati mabatani a malaya, ndipo mu Cuamba monse simunkapezeka totere. Ndiye apongozi analamula kuti kabokosiko kazipita kusiteshoni Loweruka lokha. Masiku ena onse kankakhala m'sokosi yakale pamwamba pa khoma la kuchipinda kwawo.

Sindine ndinayamba, ndipo ndimanena zimenezi pamaso pa aliyense. Tsiku lina m'mawa, amuna atapita, amayi anatuluka ndi sokosi ija n'kukhala pafupi ndi mtondo pamene ndinkasinja makaka, chinangwa chouma chija. Anati, "Mwananga, musi wako umatsatira kulira kwa kanthu aka bambo ako akamasewera. Ndimakuona. Tayesa, ine maso anga sakaona timalalanjeti." Ndinakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu ndinapukuta manja. Ndinawakha khumi ndi anayi, sitima n'kugwa isanatuluke n'komwe mu Cuamba. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunandiputa.

Kuyambira pamenepo ndinali mbala yosasiya mapazi, chifukwa nambala yochepera 786 sinkatsala pakagalasi. Ndinkadzuka kusanache bwino, kutunga madzi pa thanki ya njanji, kusesa, kuchapa mothamanga, kuti pakati pa mmawa ndikhale ndi kanthawi kanga kuseri kwa nyumba. Lúrio inanditengera masiku khumi. Pa Malema ndinakhalapo mwezi wathunthu, ndikugwa malo amodzimodzi mpaka ndinkafuna kukaponya kabokosiko m'chimbudzi. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo sanagwetsepo lalanje pa 299. Ndikatseka maso poswali, Mulungu andikhululukire, ndinkaona malalanje akugubuduka. Ine amene sitima yeniyeni ndinali ndisanakwerepo, ndinafika Ribáuè ndi zala, 540, ndipo kupitirira apo ndinkalephera.

Ndiyeno kunabwera woyendetsa sitima wina wachinyamata amene anatsekeredwa miyezi ingapo ku Nampula chifukwa cha kuzulidwa kwa njanji. Atamva za 786 anaseka, nati amenewo ndi mabodza a madala a pansi pa mtengo. Apongozi anali asanatenge kabokosi tsikulo. Anangomuuza kuti Loweruka likudzalo adzaone yekha ndi maso ake, pamaso pa anthu onse. Lolemba lake m'mawa ananyamuka ndi gulu lawo ndi asilikali owaperekeza kukakonza njanji ya ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi, ndipo anati abwera Lachisanu.

Atangopita ndinatsitsa sokosi. Ndinaona kuti kamunthu kaja kayamba kuzimiririka, malalanje ndinkachita kupendeketsa kagalasi kuti ndiwaone. Ndinadziwa msanga matenda ake. Kwathu ku Mitande wailesi ikayamba kulankhula ngati munthu wodwala, tinkachotsa mabatire, amene ife timati mapilya, n'kuwayanika padzuwa tsiku lonse, madzulo wailesi n'kuyimba ngati yatsopano. Bambo anga ankatha chaka ndi mapilya anayi okha. Ndinaganiza kuti ndiwachitire zabwino apongozi, akamabwera adzapeze kamunthu kawo kali bii, nambala ikuoneka bwino pamaso pa wamwano uja. Sindinafunse munthu aliyense. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinatsegula kachitseko ka kuseri ndi chikhadabo, ndinatulutsa timabatire tija, ndinatiyika m'chivindikiro cha botolo pamwamba pa malata a khitchini, n'kumatilondera kuti khwangwala angatitole. Dzuwa litafika pamutu ndinatitsitsa tili totentha n'kutibwezera. Kamunthu kanatulukadi kakuda bwino, ndipo ndinadzitama mumtima. Pamwamba pa kagalasi pankaphethira manambala a wotchi, chifukwa kabokosiko kakakhala chabe kankasonyeza nthawi. Pomwepo kumzikiti anayamba kuitana swala ya masana, ndiye ndinayiyika pa 12 koloko ndendende n'kuyiwala za wotchiyo. Kenako ndinadina batani lija n'kuligwiritsa kuti ndione 786 ikuwala. Panatuluka ziro.

Ndinadinanso. Ndinagwedeza, ndinauzira mpweya, ndinatembenuza kabokosiko chadodolido. Ziro anangokhala phee. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku limene tinagona m'munda wa chinangwa mfuti zikulira. Tsiku lija ndinkaopa kufa limodzi ndi anthu onse, koma apa mlandu unali wanga ndekha.

Nditawaonetsa amayi, anayang'anitsitsa ziro uja. Kenako anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Miyezi itatu, mwananga," anatero. "Munthu uja anasiya ngakhale kundilalatira chifukwa cha nambala imeneyo."

"Ndinkafuna kuwathandiza, amayi."

"Wawathandizadi. Loweruka akaonetsa chiyani kwa kamnyamata kaja?"

Ndinati ndikangowauza zoona. Amayi anandifunsa kuti ndikawauza ndi pakamwa pa ndani, popeza mawu anga onse amadzera kwa iwo, ndipo iwo mawu amenewa sanyamula. Madzi akatayika saoleka, anatero, koma mtsuko ukhoza kudzazidwanso mwini wake asanabwere. Kabokosiko sikalemba dzina la munthu. Ngati ndingafike 786 ndendende n'kuimira pomwepo, palibe adzadziwe kanthu. Ndinawakumbutsa kuti ine ndimagwera pa Ribáuè. Iwo anadzuka, kumanga nsalu m'chiuno mwamphamvu, n'kunyamula musi wanga. Anati kuyambira pano mpaka Lachisanu ntchito yanga ndi malalanje basi.

Sindikudziwa ngati mu Cuamba monse munakhalapo mtengwa amene anasamalidwa ngati ine sabata imeneyo. Apongozi aakazi ankanditungira madzi, kundiphikira mbatata, kundithamangitsira nkhuku kuti zisandisokoneze. Amayi oyandikana nafe ataona mayi wamkulu akusenza ndowa mtengwa atakhala pamphasa, anayamba kunong'onezana kuti ndayima, ndipo wina anandibweretsera bwemba. Amayi sanawatsutse. Mwamuna wanga titamuuza anagwira mutu, kenako anati atithandiza. Anagwa pa 130, ndipo amayi ake anamulanda kabokosiko n'kumuuza kuti asatithere mapilya.

Lachiwiri ndinasewera kuyambira kutacha mpaka kagalasi kanasiya kuoneka ndi mdima, pakuti kanalibe nyali. Ndinafika 571. Lachitatu zala zazikulu zinatupa, khosi linauma, ndipo ndinabwerera m'mbuyo, kugwa pa Iapala kasanu motsatizana. Ndinatukwana kamunthu ka dengu kaja m'Chiyao, chinenero chimene ndimasungira zinthu zoterezi. Chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ukagwa pa 500 suyambira pa 500, umabwerera ku Cuamba n'kuyambanso kuwakha timalalanje taulesi tija limodzilimodzi, uku mtima uli kutsogolo. Ndipo kamunthu kanayambanso kuzimiririka pang'onopang'ono. Kuyanikanso timabatire sikunali kotheka, chifukwa tsopano ndinali nditadziwa mtengo wake.

Chimene chinandipulumutsa ndi mtondo. Lachinayi m'mawa amayi anali kusinja ndi mayi wina woyandikana nafe, misi iwiri mtondo umodzi, ine ndili chapafupi ndi kabokosi. Kwathu tinkasinja atatu mtondo umodzi, ndipo amene amayang'ana musi wa mnzake ndi amene amaphwanyidwa chala. Umangomvera kugunda, thupi n'kumalowa lokha pa mpata wake. Ndinazindikira kuti malalanje aja nawonso ali ndi kagundidwe kawo, ndipo akamathamanga kwambiri maso amachedwa kuposa makutu. Ndinasiya kuthamangitsa lalanje lililonse ndi diso. Ndinayang'ana pakati pa kagalasi mwaulesi, ndikumvera ti, ti, ti, zala n'kumapita zokha. Masana amenewo ndinadutsa Namina. Madzulo ndinafika 704, ndipo amayi anavina pang'ono pakhomo la khitchini, mwakachetechete, kuti anthu asafunse.

Lachisanu ndinayamba dzuwa litangotuluka. Ndinagwa pa 650, kenako pa 742, kenako pa 90 chifukwa ntchentche inanditera pamphuno. Amayi ankapita kumsewu kukasuzumira n'kubwerera. Cha m'ma 10 koloko ndinayamba ulendo wina, ndipo ulendo umenewo zonse zinangokhala m'malo mwake. Ndinadutsa Malema, Ribáuè, Nampula, osagwetsa ngakhale lalanje limodzi. Manja sankamva kuwawa, mtima unali zii. Ndikuyandikira 780 ndinadziwa m'mafupa mwanga kuti lero ndikhoza kukafika ku Nacala, kumene palibe mwamuna aliyense wa pansi pa mtengo wa mango anafikako. Amayi anali atagwada kumbuyo kwanga akuwerenga monong'ona. Pa 785 anandigwira phewa. Ndinawakha limodzi lina, ndiyeno ndinachotsa zala pamabatani.

Ndinaonerera malalanje atatu akugwa limodzi pambuyo pa linzake, kamunthu katangoima ndi dengu lake kuyang'ana kumbali. Amayi anapuma mpweya waukulu n'kuthokoza Mulungu. Ine ndinalira. Sikunali kulira kwa chisangalalo, ndinalira ndi ukali, chifukwa ndinali nditagwetsa dala sitima yabwino kwambiri imene ndinayendetsapo, kuti nditeteze ulemu wa munthu amene sanandipatsepo ngakhale moni.

Apongozi anafika dzuwa litapendeka, ali mbuu ndi fumbi, onse a gulu lawo ali amoyo. Anasamba, anadya, n'kukhala pampando wawo pakhonde. Ine ndinali kuseri kwa khoma la khitchini ndikusankha nyemba zimene ndinali nditasankha kale. Ndinamva akuitanitsa sokosi. Nditasuzumira pa mng'alu wa khoma ndinawaona akuyang'ana kagalasi, kenako wotchi ya pamkono pawo, kenako kagalasi.

"Mayi," anaitana akazi awo ndi mawu odekha, "wotchi ya m'kabokosika ndinaitchera ndekha ndi ya kusiteshoni. Lero yatsalira ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu."

Amayi anati mwina yatopa.

"Siitopa. Imatsalira mapilya akatulutsidwa. Ndipo mapilya akatulutsidwa nambala imafufutika, mwana wanu wa ku Jeremani uja anandiuza tsiku lomwe anandipatsa." Anadina batani n'kuligwiritsa. "Koma pano pali 786."

Mkulu amene ankaitana kumzikiti kwathu kuja analibe wotchi, ankayendera mthunzi wa khoma. Ine ndinali nditaganizira zonse kupatula chimenecho, kuti munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyendetsa sitima amayamba wayang'ana nthawi asanayang'ane china chilichonse. Amayi anayesa kunena kuti mwina ndi mwamuna wanga anasewera. Apongozi anaseka pang'ono, nati mwana ameneyo angafike ku Nampula pokhapokha atamunyamula pa machira. Ndiyeno amayi, amene analumbira kuti mawu amenewa sanyamula, anawanyamula onse, kuyambira pa malata a khitchini mpaka pa bwemba.

Ndinadikira mkuntho. Ndinali nditakonza kale mumtima mwanga mawu oti ndikanene akandithamangitsa, ndipo ena mwa mawuwo sanali aulemu. Koma iwo anangotembenuzatembenuza kabokosiko m'manja.

"Afunseni apongozi," anatero potsiriza, "pa 786 apa, komboyo inagwa yokha kapena anaigwetsa?"

Amayi anatembenukira kukhoma n'kubwereza funsolo. Ndinayankha kuti ndinachotsa zala dala.

"Anali atagwetsa angati?"

"Ndinali ndisanagwetse ngakhale limodzi," ndinayankha, ndipo ndikuvomera kuti mawuwo ndinawakweza kuposa mmene mwambo umalolera.

Apongozi anadzuka. Anati kufufuta nambala ndi ngozi, ndipo ngozi pa njanji zimachitika. Koma kuimitsa komboyo yabwinobwino pakati pa tchire chifukwa choopa nkhalamba, chimenecho ndiye chipongwe, ndipo iwo sangachilandire. Anayika kabokosiko pamphasa pakati pa bwalo. "Auzeni amalize ulendo wawo dzuwa lisanalowe."

Amayi anawakumbutsa kuti mapilya atsala madzi amodzi, kamunthu kakuchita kuoneka ngati mzukwa, ndipo akathera m'manja mwa mtengwa mawa sakhala ndi choonetsa kwa mnyamata uja.

"Ndikaonetse nambala ya eni ake ngati yanga?" anafunsa. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka pa mpanda, kuti ndithe kukhala pamphasa momasuka. Koma sanapite kutali. Pansi pa mpanda wa udzu ndinkaona nsapato zawo zitaima.

Ndinakhala pansi n'kutola kabokosiko. Ulendo woyamba ndinagwa pa 60, ndipo kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Ndinapukuta zala pa nsalu n'kuyambanso. Lúrio, Mutuáli, Malema. Kagalasi kanali katafooka moti ndinkakapendeketsa kudzuwa, ndipo kuyambira cha ku Namina ndinkayendera makutu okhaokha. Pa 610 ndinagwetsa limodzi. Ndinadutsa Nampula, ndinadutsa 786 osaima, ndipo amayi anatulutsa kamawu kakang'ono ngati wapondedwa. Namialo. Pa 850 ndinagwetsa lachiwiri. Manambala a pamwamba anazimiririka, malalanje anatsala mithunzi, ndipo kulira kwa pi kunayamba kusasa mawu. Ndinapitirizabe, sindikudziwa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Kenako, pakati pa lalanje ndi linzake, kulira kunaleka. Kagalasi kanali mbee, popanda kamunthu, popanda mtengo.

Ndinadina mabatani onse anayi, koma palibe chinachitika. Sitima sinagwe, inangothera mafuta m'njira. Ndinafunsa amayi kuti ndinafika pati. Iwo anati anasokonezeka kuwerenga cha m'ma 870 chifukwa mtima unkawagunda kwambiri. Chinandiwawa. Nambala ya apongozi inali itapita, yanganso inali itapita, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti inali yotani. Ndinaganiza za mnyamata uja mmene adzawasekere mawa pamaso pa anzawo, ndipo ukali wonse umene ndinasungira bambowo chaka chonse unangosanduka manyazi.

Chitseko cha mpanda chinalira. Ndinaona nsapato zija zikubwera, ndipo ndinayamba kudzikoka kuti ndichoke pamphasa ndikagwade kumbali monga mwa masiku onse. Nsapatozo zinaima patsogolo panga. Apongozi sanatembenukire kwa akazi awo.

"912," anatero. "Ndawerenga ndekha, pi aliyense, kuyambira pa Cuamba. Mwadutsa Monapo, mwananga. Mukanakhala ndi mapilya mukanaiona nyanja."

Sindinadziwe koyang'ana. Ndinayang'ana mabondo awo, chifukwa kumaso kunali kutali kwambiri kwa tsiku loyamba. Ndinafunsa, mawu akutuluka pang'onopang'ono, kuti nanga mawa akawauza chiyani anthu kusiteshoni, popeza kagalasi kafa.

"Ndikawauza kuti ine ndinafika 786, ndipo m'nyumba mwanga muli wina wa 912. Wotsutsa adzanditsutse ine." Anawerama n'kutola kabokosiko, kukapukuta ndi chipewa chawo. "Koma tsiku lina mukadzafuna kuyanika chinthu changa padzuwa, muzidzandifunsa."

"Ndamva, abambo," ndinatero.

Amayi anali atatsegula kale pakamwa kuti awafikitsire yankho langa. Anatiyang'ana tonse awiri, anatseka pakamwa, n'kupita kukatsekera nkhuku zawo.